Chingwe Chija

Ku Chibavi, kuseri kwa chigayo,
kunali chisakasa cha Yotamu Kanyimbo:
bulangete pakhomo, mabenchi a matabwa a ku Chikangawa,
kanema atakhazikidwa pa makireti awiri,
jenereta ikutsokomola panja.
Amene analibe ndalama ankasuzumira pamng'alu
n'kumatifotokozera mawa lake
ngati ndiwo anakhala kutsogolo.

Kumeneko ndinamuona koyamba,
mwamuna wa chipsera pachibwano,
akulumpha madenga atatu osapuma.
Tepi inali yotopa, mizere ikutsika pankhope pake
ngati mawawa a mu Juni.
Yotamu ankaimenya khofi kanemayo,
chithunzi n'kubwerera mwamanyazi.

Ndipo chingwe tinkachiona.
Chinali apo, choonda, kumsana kwake,
chikumukokera kumwamba.
Chinjoka chimene ankalimbana nacho chinali cha mphira,
msoko uli pamtunda,
ndipo Sangwani analumbira pali mayi ake
kuti waona phazi la munthu pansi pa mchira,
litavala nsapato.
Tinaseka mpaka benchi inatigwetsa.
Usiku womwewo
ndinakana kupita ndekha kuchimbudzi.

Papita zaka makumi atatu.
Pachigayo paja akugulitsa mafoni.
Yotamu tinakamuika kwawo ku Ekwendeni.
Lero mphwanga Penjani wabwera ndi fulashi
kuchokera kumsika wa Zigwagwa:
"Amalume, aipanganso. Iyi ndiye yeniyeni."

Talowa m'mabulangete, laputopu pampando.
Chinjoka chatuluka m'madzi,
mamba ake ungawawerenge limodzilimodzi,
dontho lililonse lili ndi mthunzi wake.
Mzinda wonse wagwa osaphonya njerwa.
Kenako iyeyo watulukira,
chipsera chomwe chija,
tsitsi bii, masaya osalala ngati sopo watsopano.
Munthu woyenera kukhala ndi ndodo ndi zidzukulu
akuthamanga ndi miyendo ya mnyamata.
Penjani akuti kompyuta yamufufutira zaka.
Ine ndagwira khosi langa.
Zanga palibe wazifufuta.

Walumpha madenga, osati atatu, makumi awiri.
Ndasendera pafupi, ndatsinzina diso limodzi,
kufunafuna kumsana kwake.
Palibe.
Palibe womukoka,
palibe amene manja akumuwawa kuseri kwa khoma,
palibe amene akutuluka thukuta m'mimba mwa njoka,
kudikira kuti amuvule akamwe madzi.
Akagwa sindigwira mtima.
Angathyoke bwanji munthu wopanda mafupa?

Ndimayesa kuti mnyamatayu wakhuta,
koma naye wayimitsa filimu, waloza ndi chala:
"Apa atinamiza. Motowu suotcha.
Ya chaka chatha inali bwino."
Wabwezera, wayimitsanso, wapukusa mutu.
Maso ake anakulira m'zozizwitsa,
sadabwa wamba, amafuna umboni.

Tonse awiri tikusaka msoko,
iye kuti awagwire bodza,
ine kuti ndikhulupirire.

Mwina si filimuyo ndimaifuna.
Mwina ndi fungo la dizilo ndi chimanga chootcha,
chigongono cha Sangwani m'nthiti mwanga,
mfuu wa anyamata makumi anayi
kuchenjeza munthu amene sangatimve,
"Kumbuyo kwako! Kumbuyo kwako!"
Iwo anatipatsa mphira ndi chingwe,
zotsalazo tinkasonkha tokha.
Awa abweretsa zonse zophikaphika,
sanatisiyire ngakhale mchere woti tithire.

Magetsi anathima kalekale osatiuza.
Batire latha njoka ili kukamwa yasa.
Pagalasi lakuda patsala nkhope ziwiri,
ina yosalala, ina yolimidwa mizere,
zonse zopanda kompyuta.

Ndatuluka kukaona nyengo.
Nkhungu yatsika kuchokera ku Kaning'ina,
mphepo ikuluma makutu.
Pabwalo, malaya anga amene ndinaiwala kuanula
atambasula manja, akuuluka,
akulumpha denga la aneba.

Ndaima pakhonde nthawi yaitali.
Chingwe ndikuchiona.